Ulendo woyamba wolowa m'mapanga ndi kalabu ya payunivesite, mmene mungakonzekerere

Anzanga amene mwangofika kumene kuno ku UK kudzaphunzira, sabata yoyamba ija makalabu amayala matebulo muholo kusaka anthu atsopano, ena a mpira, ena a kwaya, ena ovina, ndiye pakona penapake mupeza anthu atavala zipewa zolimba zokhala ndi tochi pamphumi. Amenewo ndi olowa m'mapanga. Ine ndinalembetsa chifukwa mtsikana amene tinkaphikira kichini imodzi anandikoka dzanja, ndipo mu Okutobala momwemo ndinapezeka ndili mu minibasi kupita ku Mendip Hills, kumwera kwa Bristol. Pano ndapitako kambirimbiri moti atsopano ndimawaperekeza ndine, ndiye ndati ndilembe mmene wikendi yotere imayendera kuti mukapita musakavutike monga ndinavutikira ine tsiku lachiwiri.

Kaye timvane za mawu oti phanga. Kwathu tikati phanga timaganiza thanthwe lotsamira lomwe abusa amausamo mvula, kapena ngati aja a ku Chongoni ku Dedza okhala ndi zojambula za makolo, umaima mkati koma kunja ukukuona. Za kuno ndi zina. Mapiri a Mendip ndi a mwala wa laimu, ndipo madzi a mvula amaudya pang'onopang'ono mwalawu kudzera m'ming'alu kwa zaka masauzande ambirimbiri mpaka pansi pa nthaka pamapangika tinjira, zipinda, ngakhale mitsinje yeniyeni yoyenda mumdima. Pamwamba mukuona nkhosa zikudya msipu, pansi pake pali Swildon's Hole, phanga lomwe njira zake zonse kuziphatikiza zimapitirira makilomita 9.

Choyamba, kulembetsa ndi kufunsa mafunso

Pitani ku msonkhano wa kalabu wa mkati mwa sabata musanalipire kalikonse, mukawaone anthuwo maso ndi maso. Funsani kuti ndalama ya ulendo ikuphatikiza chani, nthawi zambiri imakhala ya thiransipoti, malo ogona, chakudya ndi kubwereka zida zonse, ndipo ulendo wa atsopano amauchepetsa mtengo dala. Funsaninso za inshuwalansi, makalabu ambiri ali pansi pa British Caving Association ndipo umembala wake umabwera ndi inshuwalansi yomwe eni minda ena amafuna musanadutse pamalo pawo. Musagule chida chilichonse panopa. Chipewa, tochi, ovololo, majombo a mphira, zonsezi kalabu ili nazo, inu mungowauza saizi ya nsapato ndi msinkhu wanu.

Ngati muli ndi asima, shuga, khunyu kapena bondo lovuta muuzeni mtsogoleri wa ulendo mwakachetechete. Sakubwezani ayi, amangofuna adziwe kuti mankhwala anu ali thumba liti. Ngatinso simudziwa kusambira nenani, ambiri a ife tinakula osaphunzira ndipo pa ulendo wa atsopano simufunika kusambira, koma adziwe basi.

Chachiwiri, zolongedza, apa ndiye mvetserani

Kutentha kwa m'mapanga a kuno kumakhala cha m'ma digiri 10 chaka chonse, chilimwe kaya dzinja chimodzimodzi. Mukamva choncho mutha kunena kuti aa, ku Dedza mu Juni timapirira zoposa pamenepo. Koma ku Dedza simukhala mutanyowa thupi lonse kwa maola atatu mutatsamira mwala. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mpweya, ndipo nsalu ya thonje ikanyowa imagwira madziwo nkumakuyamwani kutentha mpaka mano kuyamba kugundana. Choncho jinzi ayi, tisheti ya thonje ayi, hudi ija mumaikonda ayi. Kalabu ikupatsani chovala chamkati chaubweyaubweya chokhala ngati cha khanda, chochokera m'khosi mpaka mu akakolo, pamwamba pake ovololo yolimba. Ngati zamkatizo zaperewera tengani juzi ya fleece ndi thauzi yothina ya masewera, za nayiloni kapena poliyesita, yang'anani kalebulo kali m'khosi kaja.

Zina zoti zilowe m'chikwama ndi izi. Masokosi okhuthala aubweya mapeya awiri kapena atatu, kabudula wamkati wakale yemwe simudandaula akathimbirira matope, magolovesi a mphira aja otsukira mbale kapena a kudimba, thawulo, majumbo akuluakulu akuda awiri oikamo zonyowa, zovala zofunda zosinthira pamodzi ndi chipewa cha ubweya, silipingi bagi, ndi chokoleti ziwiri zitatu zoika m'thumba la ovololo. Silipingi bagi ngati mulibe funsani msanga, pamakhala wina wokhala ndi ziwiri.

Asisi anzanga, nkhani ya tsitsi. Mukaluka zazitali nkuzimanga pamwamba pa mutu chipewa sichikhala, chimangoyandama, ndipo chipewa choyandama sichikutetezani. Mangirani kumunsi cha kukhosi, valani kaduku kopyapyala kapena boneti mkati, ndipo mukayeze chipewacho kusitolo ya kalabu tsiku la ulendo lisanafike chifukwa zipewa zina ndi zazing'ono. Ndolo, mphete, wotchi yodula, zikhadabo zoikirira, zonse zitsale kunyumba. Ovala magalasi amangireni kachingwe kumbuyo.

Foni siyani m'galimoto kapena kunyumba yogona. Pansi palibe netiweki ndipo matope akalowa polowetsa chaja basi yatha. Zithunzi amajambula amene ali ndi kamera ya m'bokosi losalowa madzi, adzakutumizirani.

Chachitatu, Lachisanu usiku

Mumanyamuka makalasi akatha, kufika usiku. Kogona si hotela, ndi nyumba za makalabu akuluakulu a mapanga zomwe zili cha ku mudzi wa Priddy, monga Upper Pitts ya Wessex Cave Club kapena Belfry ya Bristol Exploration Club, ophunzira amachita kubwereka. Mkati muli mabedi osanjikiza ngati ku boding'i, kichini yaikulu, mbaula ya nkhuni, mapu a mapanga pakhoma. Kuphika ndi kutsuka mbale nkwa tonse, musadikire kuuzidwa. Anthu amamwa mowa ndi kusewera timasewera topanikizana pansi pa mabenchi mpaka usiku kwambiri, koma palibe amene akukakamizeni, ine ndimamwa tiyi wanga nkukagona ndipo palibe anandinenapo. Chomwe ndingakupempheni nchakuti musalowe m'phanga ndi matsire, miyala yake ndi yoterera ndipo imafuna mutu uli bwinobwino.

Chachinayi, m'mawa musanatuluke pakhomo

Idyani kwambiri, ngakhale amene simuzolowera kudya m'mawa. Mazira, nyemba, buledi, phala la oats, chilichonse chilipo, chifukwa chakudya chenicheni chotsatira mudzachiona madzulo ndipo thupi lanjala limazizidwa msanga. Pitaninso kuchimbudzi, pansi kulibe.

Kenako muona atsogoleri ataunjikana pa foni kuyang'ana zanyengo. Si mwambo chabe. Mapanga ambiri ndi njira za madzi, mvula ikagwa pamwamba yonse imathera momwemo, ndipo inu muli pansi simudziwa kuti kunja kwachita mdima. Mu Julaye 1968 chigumula chinasintha mkati mwa Swildon's Hole usiku umodzi, malo omwe anthu ankatsika ndi makwerero a mafiti 40 madzi anakokolola zonse nkutsegula njira ina pansi pake. Ku Yorkshire mu 1967 anyamata 6 odziwa bwino mapanga anafera mu Mossdale Caverns madzi atadzaza mwadzidzidzi. Ndipo mukukumbukira ana 12 a timu ya mpira ndi kochi wawo ku Tham Luang ku Thailand mu 2018, chinawatsekera ndi mvula, ndipo amene anayamba kuwapeza, John Volanthen ndi Rick Stanton, ndi anthu ochokera m'makalabu a mapanga a kuno konkuno. Ndiye mtsogoleri akati lero tasintha, sitipita koti tinanena, musanyinyirike, ameneyo ndiye woyenda naye.

Chinanso chomwe muyenera kuona ndi maso anu chikuchitika. Gulu lililonse limalemba pabolodi kapena kusiyira munthu wotsala kunja dzina la phanga, njira yomwe mudutse, maina a onse, nambala ya galimoto, ndi nthawi yoti ikakwana musanamuimbire aitane thandizo. Kuno amaimba 999, kupempha apolisi, kenako kunena kuti akufuna opulumutsa anthu m'mapanga, ndipo opulumutsawo ndi anthu ongodzipereka, amasiya ntchito zawo kubwera. Funsani kuti nthawi yathu ndi iti ndipo tasiyira ndani. Ndinu watsopano inde koma funso limeneli ndi lanu.

Chachisanu, kuvala

Mumavalira panja, m'mbali mwa msewu kapena m'khola la pafamu, mphepo ikuwomba, ndiye chitani changu. Chamkati, masokosi, ovololo, zotchinga mawondo ngati zilipo musazikane, majombo, lamba, chipewa. Miyendo ya ovololo ikhale kunja kwa majombo kuti timiyala tisalowe. Mangani lamba wa chipewa pansi pa chibwano nkugwedeza mutu, chikasuntha mangitsani. Yatsani tochi, zimitsani, yatsaninso, phunzirani pomwe pali batani mutavala magolovesi. Ndipo zolowerani kuyang'ana munthu cha pachifuwa polankhula naye, mukamuyang'ana kumaso mumuthobwa ndi tochi.

Chachisanu ndi chimodzi, phanga loyamba

Atsopano ambiri ku Mendip amayambira Goatchurch Cavern ku Burrington Combe. Mumakwera kamtunda m'nkhalango, nkupeza dzenje m'mbali mwa phiri, pakhomo pake pali zotsalira za zitsulo zogwirira zomwe anaika kalekale pofuna kuti alendo azidzaona. Kumunsi kwa chigwa chomwecho m'mbali mwa msewu kuli Aveline's Hole, komwe mu 1797 anthu awiri akukumba kalulu anapeza mafupa a anthu omwe anaikidwa zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, amodzi mwa manda akale kwambiri odziwika ku Britain kuno. Ophunzira a ku Bristol ndi amene anafukula kwambiri malowa, kalabu yawo ya mapanga inayamba mu 1919 ndipo ilipobe.

Goatchurch mulibe mtsinje woti nkukuopsani, vuto lake ndi kuterera, miyala inachita kusalala ngati sopo chifukwa cha anthu ochuluka omwe akhala akukhuzikapo. Lamulo lake, musathamange, musalumphe. Potsetsereka khalani pansi mutsike ndi matako, palibe manyazi, aliyense amatero. Pokwera kapena potsika sunthani chiwalo chimodzi zitatu zili zogwira. Yang'anani pomwe wapatsogolo waponda, ndipo mukadutsa pamphambano dikirani wapambuyo akuoneni mwakhotera kuti, musanapitirire. Gulu limayenda ndi liwiro la amene ali pang'onopang'ono, ndipo kumbuyo kwenikweni kumakhala munthu wodziwa njira. Mukagwetsa mwala kuwani kuti apansi abise nkhope, ndipo inu mukamva wina wakuwa musayang'ane kumwamba, weramani chipewa chigwire ntchito yake.

Nthawi ndi nthawi cheukani muone mmene njira ikuonekera kuchokera mbali inayo, phanga pobwerera limaoneka lachilendo ngati simunadutsemo.

Pansi penipeni pali kanjira kotchedwa Drainpipe, kozungulira ngati paipi, kotalika pafupifupi mamita 10, mumalowa chokwawa pamimba. Aka ndiye kamene anthu amakaopa usiku wonse, koma mverani. Palibe amene amakakamizidwa, kumapeto kwake kuli kachipinda basi ndipo mumabwerera momwemo, ndiye mukati ine ndidikira pano wina atsala nanu. Mukasankha kulowa, manja atsogole, mutu mupendeketse chammbali kuti chipewa chisakodwe, dzikankheni ndi zala zakumapazi pang'onopang'ono ngati mbozi. Ndinali pakati pake pamene mtima unayamba kugunda m'makutu, ndikungoona zidendene za majombo a mnzanga ndi nthunzi ya mpweya wanga mu kuwala kwa tochi, mwala uli pamsana wina pachifuwa. Mtsogoleri kumbuyo anangoti ima kaye, goneka tsaya pamwala, tulutsa mpweya wonse. Munthu ukachita mantha umadzikoka nkufufuma, ukapuma bwino thupi limafewa malo nkupezeka. Ndinagona pamenepo mwina mphindi imodzi, mwala uli zii patsaya, kenako ndinapitirira.

Penapake adzakuuzani kuti nonse khalani pansi muzimitse matochi. Chitani. Mdima wake si wa kumudzi usiku wopanda mwezi, kuja maso amazolowera nkuyamba kuona mitengo. Uku mudikira mpaka liti osaona ngakhale chikhatho chanu chili pamphuno, mumangomva dontho la madzi likugwa penapake patali ndi kupuma kwa anzanu. Ine ndi chimene chimandibwezera m'mapanga mpaka lero.

Za kusamala malo ndinene mwachidule. Miyala yolendewera kudenga ngati makandulo ija, ma stalactite, imakula pang'onopang'ono zedi ndi madontho a madzi, mukaithyola zidzukulu zanu sizidzaiona itabwerera, ndipo dzanja lamatope limaithimbiritsa mpaka kale. Pomwe amanga tepi musadumphe. Mukaona mileme italendewera musaiwalitse ndi tochi kapena kuima pansi pake nkumacheza, ikadzuka nthawi yozizira imatha mafuta omwe inasungira dzinja nkufa, komanso malamulo a kuno amaiteteza. Pepala la chokoleti libwerere m'thumba.

Chachisanu ndi chiwiri, tsiku la madzi

Lamulungu, nyengo ikalola, amakutengerani ku Swildon's Hole. Mumayenda kudutsa minda kuchokera ku Priddy, mumalipira kandalama kochepa kwa mwini famu, tsekani mageti onse mukadutsa. Khomo lake lili m'kanyumba kamiyala pomwe kamtsinje kamalowera pansi, ndipo inu mumalowa nako limodzi. Atsopano amazungulira chigawo chapamwamba, kutsika njira youma nkukwera ya madzi kapena mosemphanitsa, ena amafika pa mathithi pomwe pamafunika makwerero a waya ndi chingwe chotetezera nkubwerera. Madzi oyamba kulowa m'jombo amabaya ngati singano, asiyeni momwemo, amafunda ndi phazi, mukamakhuthula pafupipafupi mukungolowetsa ena ozizira.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Chamkati changa chinali chitanyowa dzulo lake ndiye ndinavala tisheti ya thonje pansi pake poganiza kuti ndikuwonjezera kufunda. Titadutsa pa mathithi ang'ono madzi analowa m'khosi, ndipo titaima kudikira gulu lina lidutse pamalo opanikiza ndinayamba kunjenjemera. Sindinanene. Mukudziwa mmene tinaleredwera, mlendo sadandaula, umapirira kuti usavutitse anthu, komanso ndinali wakuda ndekha pagulupo sindinafune azinena kuti uyu sangathe. Ndinangoti ndili bwino, ndili bwino. Kenako zala zinakanika kutsegula chokoleti, ndikupunthwa pamalo osapunthwitsa, ndipo mtsogoleri atandifunsa dzina la kosi yanga ndinachedwa kuyankha. Anazindikira pompo. Anandivula tisheti ija, kundiveka chipewa chaubweya pansi pa cholimba chija, kundidyetsa, nkutembenuza gulu lonse kutuluka, ine ndili pakati tikuyenda osaima. Pobwerera m'galimoto anandiuza mofatsa kuti ndikananena msanga tikanangofulumira kuyenda ulendo nkupitirira, koma kukhala chete kuja ndi komwe kukanachititsa kuti anthu andinyamule.

Ndiye chonde, mukayamba kuzizidwa nenani nthawi yomweyo, mukatopa nenani, mukaopa nenani. Kunjenjemera kosaleka, zala kuuma, kulankhula mokoka lilime, munthu wolongolola kungoti duu, zimenezi ndi zizindikiro zoti kutentha kwa m'thupi kukutsika, ndipo mwini wake nthawi zambiri sazindikira, ndiye muziyang'anana. Podikira musakhale pamwala wonyowa kapena pomwe pakuwomba kamphepo ka mathithi, imani, pondapondani, idyani kanthu. Kumbukiraninso kuti polowa mumatsika, potuluka mumakwera mutatopa kale, choncho mphamvu zanu zikafika theka imeneyo ndi nthawi yobwerera.

Mukatuluka

Kumapeto kwa Okutobala mawotchi akabwezedwa kunja kumada cha m'ma 5 koloko, mutha kutuluka mumdima nkulowa mumdima wina, ndipo mphepo ya pamtunda paja pa zovala zonyowa ndi yoopsa kuposa m'phanga momwe. Musaime kujambulitsa, pitani mukasinthe, yambani kumtunda, pukutani, valani juzi ndi chipewa kenako muvule zakumunsi. Onetsetsani kuti wina waimbira munthu uja munamusiyira nthawi. Sambani m'manja musanagwire chakudya. Kunyumba yogona kuli paipi ndi maburashi, tsukani ovololo, majombo ndi chipewa chomwe munabwereka mpaka matope athe, zimenezi ndi zomwe adzavale watsopano wina sabata yamawa. Mawondo ndi zigongono zidzakhala ndi mabala obiriwira, mapewa adzawawa mpaka Lachitatu, nzachizolowezi.

Chomaliza ichi ndi cha ife makamaka. M'madzi odutsa m'mafamu mutha kukhala tizilombo ta matenda otchedwa Weil's disease, timachokera mu mkodzo wa makoswe ndi ng'ombe nkulowa pabala kapena m'kamwa. Sagwira anthu kawirikawiri, koma amayamba ndi kutentha thupi, litsipa, kuphwanya m'thupi makamaka m'akatumba a miyendo, patatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndendende mmene malungo amayambira. Ife tikamva choncho timangoti ndi malungo kapena chimfine, kumwa panado nkufunda bulangete. Musatero. Matani pulasitala pa bala lililonse musanalowe m'phanga, ndipo mukadwala m'masabata otsatirawo pitani kwa dokotala kapena imbani 111, nambala ya azaumoyo kuno, muwauze zonse ziwiri, kuti munalowa m'madzi a m'phanga tsiku lakuti, komanso ngati mwachokera kumudzi posachedwa, kuti ayeze magazi pa zonse. Akawapeza msanga amachizika ndi maantibayotiki wamba.